Banga la pa Mwala: Kodi Munthu Ayenera Kunena Liti Kuti "Ndaona"?

Sabata ino ndikutengerani kutali pang'ono, ku miyala ya ku China ndi ku Canada, komatu funso limene tikatenge kumeneko ndi la pakhomo pathu pomwe.

Aliyense amene anasendapo mbuzi kapena kutumbula nsomba akudziwa kuti ubongo suchedwa kuonongeka. Mafupa amatha zaka ali kudzala, nyanga nazonso chimodzimodzi, koma ubongo ukangogona tsiku limodzi kunja kukutentha, basi, wasanduka phala lonunkha. Ndiye taganizani munthu wophunzira bwino akuimirira pamaso pa anzake n'kunena kuti wapeza ubongo umene watha zaka zoposa 500 miliyoni uli m'mwala. Mukumufunsa kuti tauonetsani, iye akutulutsa kamwala kophwatalala, akuloza kabanga kofiirira ngati dzimbiri pamutu pa kachilombo kotalika ngati chala chanu. Akuti, "Ubongo uja ndi uwu." Inu mukanamuyankha chiyani?

Zimenezi zinachitikadi mu 2012, ndipo mkangano umene unabuka sunazimiretu mpaka lero. Funso langa kwa inu ndi ili: kodi munthu amakhala ndi ufulu wonena kuti "ndaona" zinthu zikafika pati? Nanga amene akukana, amene akuti "sunaone kanthu iwe", ali ndi ngongole yanji? Pajatu ambirife timaganiza kuti wonena ndiye ayenera kutuluka thukuta, wokayika angokhala pampando n'kumapukusa mutu. Ndikufuna tione limodzi ngati zimenezi zili zoona.

Tiyambe ndi tizilomboto. Asayansi amatitcha arthropods. Dzinalo lisakuopseni, abale ake mumawadziwa bwino: nkhanu, chiwala, ngumbi, mphemvu, kangaude, chinkhanira, bongololo. Zonsezi zilibe mafupa m'kati, zili ndi chigoba kunja ndi miyendo ya mfundomfundo. Ubongo wake uli m'mutu, pamwamba pa kummero. Kuchokera pamenepo mitsempha iwiri imazungulira kummeroko n'kukakumana pansi, kenako n'kutsetsereka ngati chingwe cha mikanda mpaka kumchira. Chingwe chotere ife tili nacho kumsana, izo zili nacho kumimba. Mitsempha ndikunenayi ndi ija yonyamula mauthenga m'thupi, osati ya magazi. Musunge mfundo imodzi: njira ya chakudya imadutsa pakati penipeni pa mitsempha ya m'mutu. Tiifuna kutsogoloku.

Mu Julayi 1984, katswiri wina wa ku China, Hou Xianguang, ankaswa miyala pa phiri la Maotianshan, pafupi ndi Chengjiang m'chigawo cha Yunnan. M'mwala umodzi anapeza kanyama kakale kamene miyendo yake yofewa inkaonekabe bwinobwino. Kumeneko kunali kutseguka kwa malo amene lero ndi odziwika pa dziko lonse. Miyala ya ku Chengjiang inali matope a pansi pa nyanja zaka pafupifupi 518 miliyoni zapitazo, pa nthawi imene kumtunda kunalibe mtengo, udzu kapena nyama ina iliyonse yoyenda. Kawirikawiri miyala imasunga zolimba zokhazokha, monga mafupa a Malawisaurus amene ena mwa inu munamva mbiri yake ku Karonga. Koma matope a ku Chengjiang, mofanana ndi a ku Burgess Shale ku Canada amene Charles Walcott anawatulukira mu 1909, anasunganso maso, matumbo ndi tinyanga tofufuzira.

Mu 2012, akatswiri anayi, Xiaoya Ma, Hou Xianguang yemwe uja, Gregory Edgecombe ndi Nicholas Strausfeld, analemba m'magazini ya sayansi ya Nature za kanyama kotchedwa Fuxianhuia protensa. Anati banga la pamutu pake ndi ubongo wa zigawo zitatu, wokhala ndi mitsempha yopita ku maso ndi ina yopita ku tinyanga. Ngati ankanena zoona, ndiye kuti ubongo wa mapangidwe ofanana ndi a nkhanu ndi ziwala za lero unalipo kalekale, ndipo tizamoyo tina ta m'madzi timene tili ndi ubongo wosavuta sitinatsalire m'mbuyo ayi, tinachita kutaya zina zimene makolo ake anali nazo. Mwaonatu, kabanga kamodzi kanasenza mbiri ya banja lalikulu kuposa mabanja onse a nyama pa dziko lapansi.

Okayika sanachedwe kuyankha, ndipo musawatenge ngati anthu ansanje. Anali ndi zifukwa zomveka. Ku yunivesite ya Leicester ku England kuli akatswiri amene ntchito yawo inali yoti ambirife sitingaipirire: kuika nyama zakufa m'mabotolo n'kumaziyang'ana zikuwola, tsiku ndi tsiku, akulemba chimene chayamba kutha ndi chimene chatsala. Mu 2010, Robert Sansom, Sarah Gabbott ndi Mark Purnell anaonetsa kuti kuwola kumatsata dongosolo, ndipo kawirikawiri ziwalo zimene zingakuuze bwino mtundu wa nyamayo ndi zimene zimayamba kutha. Choncho mtembo wowola umatha kuoneka ngati nyama ina, yachikale kuposa mmene inalili. Mu 2014, gulu la ku Leicester komweko linayesa tinyama tofewa totchedwa velvet worms, achibale a arthropods, n'kupeza kuti mitsempha ili m'gulu la ziwalo zotha msanga. Ndiye funso lawo linali lolunjika: chinthu chosatha sabata zingapo m'botolo chingathe bwanji zaka 518 miliyoni m'mwala?

Panalinso chikumbukiro chochititsa manyazi. Mu 1977, Simon Conway Morris anafotokoza kanyama ka ku Burgess Shale kamene anakatcha Hallucigenia. Anakajambula kakuyenda ndi minga, tizingwe tofewa tili kumsana, ndipo kumapeto kwake kunali chibulunga chimene anthu anachitenga ngati mutu. Mu 1991, Lars Ramsköld ndi Hou Xianguang anaonetsa kuti kanyamako kanajambulidwa chadodolido: minga ija inali ya kumsana, tizingwe tija ndiye miyendo. Mu 2015, Martin Smith ndi Jean-Bernard Caron anapeza maso ndi timano kumapeto enawo. Nanga "mutu" uja? Anali madzi a zowola amene anafinyika kutuluka m'thupi pamene matope ankakanikiza mtembo. Kwa zaka zambiri anthu ozindikira ankayang'ana zotuluka kumbuyo kwa kanyama n'kumati ndi mutu. Munthu wodziwa mbiri imeneyi mungamudzudzule akakayikira banga lina la pamwala?

Mu 2018, Jianni Liu ndi anzake anaunika miyala pafupifupi 800 ya Fuxianhuia ndi abale ake. Anapeza mabanga a m'mutu pa miyala ina, koma mabangawo sankafanana maonekedwe. Iwo anati zimene ena akuzitcha ubongo n'kutheka kuti ndi utoto wosiyidwa ndi mabakiteriya amene anachoka m'matumbo n'kufalikira m'thupi nyamayo itafa. Kumbukirani ija ndinati musunge, yoti njira ya chakudya imadutsa pakati pa mitsempha ya m'mutu. Zowola zochokera m'matumbo zikhoza kukakhala ndendende pamalo amene munthu akuyembekezera kupezapo ubongo. Ndipo pa miyala 800 ya mabanga osiyanasiyana, wofunitsitsa ubongo sangalephere kupezapo umodzi wooneka ngati ubongo, monga mmene mwana woyang'ana mitambo sasowa wooneka ngati kalulu.

Apa ndiye pali gwero la nkhani yathu. Diso silimaona lokha, limaona ndi zimene mutu ukudziwa kale. Nicholas Strausfeld wa ku yunivesite ya Arizona watha moyo wake wonse akuunika ubongo wa ntchentche, mphemvu, nkhanu ndi zina zotero. Inu ndi ine titapatsidwa mwala uja tikanangoona dzimbiri. Iye anaona zigawo zitatu chifukwa wakhala akuona zigawo zoterozo kambirimbiri. Komatu luso lomwelo ndi limene lingamupusitse. Munthu amene maso ake anazolowera chinthu china amachiona msanga pamene chilipo, ndipo amathanso kuchiona pamene palibe. Mphamvu yake ndi msampha wake n'chinthu chimodzi, sungachotse chinacho n'kusiya chinzake.

Zinachitikapo kumwamba. Mu 1877, Giovanni Schiaparelli wa ku Italy anajambula mizere imene ankaiona pa pulaneti ya Mars. Percival Lowell wa ku America anakhulupirira kuti mizereyo ndi ngalande zokumbidwa ndi zolengedwa zanzeru, anamanga malo oonera nyenyezi ku Flagstaff mu 1894, ndipo anatha zaka akujambula ngalandezo mwakhama. Sanali wabodza, sanali waulesi. Koma chombo cha Mariner 4 chitatumiza zithunzi za Mars mu 1965, ngalande kunalibe. Maso ake ankalumikiza timadontho tosiyana n'kupanga mzere, mtima wake n'kumalizitsa zotsalazo. Akuluakulu amati khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Maso nawonso amatero, amakhota mpaka akafike pamene mtima unalinga.

Mwina mukuti, ndiye tingodalira munthu wosadziwa kanthu, amene alibe chimene akuyembekezera. Aaa, zimenezo sizingathandize. Wosadziwa ubongo wa chiwala sangauzindikire ngakhale utasungika bwino chotani. Palibe malo oti munthu angaime n'kumaona ndi maso opanda mbiri. Choncho funso la nzeru lisakhale loti tipeze bwanji munthu wosakondera, pakuti munthu woteroyo kulibe. Likhale loti munthu wokondera, amene ndi aliyense wa ife, achite chiyani kuti mnzake wokondera mbali ina athe kumuyesa. Taonani zimene akatswiri aja anachita atatsutsidwa.

Choyamba, anafuna kubwereza. Banga limodzi ndi mwayi chabe. Mu 2015 anatulutsa miyala ina isanu ndi iwiri ya Fuxianhuia yokhala ndi mabanga a mapangidwe ofanana. Chachiwiri, anayang'ana kufanana kwa mbali ziwiri. Ubongo umakhala wofanana kumanzere ndi kumanja, pomwe zowola zimayenderera mwachisawawa ngati madzi otayikira pansi. Chachitatu, anafunsa za malo: kodi bangalo lili pamene ubongo uyenera kukhala, ndipo kodi nthambi zake zikukalowadi m'maso ndi m'tinyanga? Mu 2016, pa kanyama kotchedwa Chengjiangocaris ka pafupi ndi Kunming, akatswiri ena anaona chingwe cha kumimba chija, mfundo zake zitandandalika ngati mikanda, timitsempha tating'ono tikutuluka m'mbali. Mu 2019, Javier Ortega-Hernández ndi anzake anafotokoza miyala ya Alalcomenaeus ya kumadzulo kwa America yokhala ndi mapangidwe ofanana ndi a kanyama ka mtundu womwewo ka ku China. Mabakiteriya a m'maiko awiri otalikirana chonchi angajambule bwanji chithunzi chimodzi mwangozi?

Chachinayi ndi chimene ine ndimachilemekeza kwambiri. Anavomera kuti ali ndi ngongole yofotokoza njira. Paja amati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Sikokwanira kunena kuti ubongo ulipo, unenenso chimene chinauteteza. Anaunika miyalayo ndi makina n'kupeza kuti mabangawo ndi kachikopa kopyapyala ka kaboni, pena kokutidwa ndi mchere wa chitsulo wotchedwa pyrite. Kenako nawonso anadetsa manja. Anatenga nyongolotsi za m'nyanja ndi mphemvu, anazikwirira m'dongo, n'kuona kuti mitsempha ikhoza kutsala, yophwatalala koma yozindikirika. Mfundo yawo inali yoti nyama yowolera m'botolo la madzi ndi yosiyana ndi nyama yokwiriridwa mwadzidzidzi ndi matope osalala, mopanda mpweya wokwanira, madzi akufinyidwa pang'onopang'ono ndi kulemera kwa matope a pamwamba. Okayika anayesa zoona, koma anayesa imfa ya mtundu umodzi. Imfa zilipo zamitundumitundu.

Umboni wina unabwera kuchokera kumene sankauyembekezera. Mu 2021, Russell Bicknell ndi anzake anafotokoza kanyama kotchedwa Euproops danae ka ku Mazon Creek, ku Illinois, ka zaka pafupifupi 310 miliyoni. Apa njira yake inali ina: mwala unaumba msanga mozungulira ubongo, ubongowo unawola n'kusiya mphako, ndipo m'mphakomo munadzaza dongo loyera. Chotsala chake ndi chithunzi choyera chofanana kwambiri ndi ubongo wa abale ake amene akali moyo m'nyanja lero. Mu 2022, Joseph Moysiuk ndi Jean-Bernard Caron a ku Royal Ontario Museum ku Toronto anafotokoza Stanleycaris, kanyama ka maso atatu ka ku Burgess Shale, ndipo miyala 84 inkaonetsa ubongo ndi mitsempha. Lero akatswiri ambiri amavomereza kuti mitsempha imatha kusungika m'mwala.

Koma musafulumire kuomba m'manja ngati mpira watha. Kuvomera kuti ubongo ungasungike sikukutanthauza kuti banga lililonse la pamutu ndi ubongo. Kaboni payekha sanena kanthu, pakuti matumbo nawo ndi kaboni, mabakiteriya nawonso ndi kaboni. Mu 2022, Strausfeld ndi anzake ananena kuti apeza ubongo mu kanyama kena ka ku Chengjiang kotchedwa Cardiodictyon. Chaka chotsatira, Graham Budd ndi anzake anayankha m'magazini yomweyo ya Science kuti zimene zaonekazo zikhoza kukhala mbali ya njira ya chakudya. Munthu amene anapambana mlandu dzulo sanagule chilolezo chopambana milandu yonse ya mawa. Banga lililonse liyenera kudziyankhira lokha.

Tsopano tibwerere kwa wokayika uja wakhala pampando. Chikhulupiriro chakuti "ubongo sungasungike" chinkaoneka ngati kusamala, koma nachonso chinali ndi mtengo wake. Miyala yambiri ya Stanleycaris inakumbidwa m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, n'kukhala m'nyumba yosungiramo zakale zaka zonsezo mitsempha ili pomwepo. Munthu sayang'ana chinthu chimene watsimikiza kale kuti kulibe. Choncho kukana nako ndi kunena, ndipo wokana akhoza kuphonya choonadi mofanana ndi wovomera msanga. Kusiyana kwake n'kwakuti wovomera msanga akalakwa aliyense amamuseka, pomwe wokana akalakwa palibe amaona, chifukwa chimene chatayika ndi chinthu chimene sichinapezeke. N'chifukwa chake kukayika kumakoma: kumakupatsa maonekedwe a nzeru popanda chiopsezo cha manyazi.

Ndiye pali okayika a mitundu iwiri. Wina amapita kukawoletsa nyongolotsi m'botolo kapena kuunika miyala 800, ndipo amakuuza chimene chingamusinthe maganizo. Ameneyu ndi bwenzi la choonadi, ngakhale atapezeka kuti mbali ina sanalondole. Popanda a ku Leicester ndi a Liu, anzawo aja sakanakakamizika kufufuza mozama chonchi, ndipo umboni wa lero ukanakhala wofooka. Wokayika winayo amangoti "zabodza izo" ndipo palibe chimene mungamuonetse choti n'kumugwedeza. Ameneyu sasiyana ndi wokhulupirira zilizonse. Onse awiri anamaliza kuganiza umboni usanafike.

Ndikumva wina akuti, "Zonsezi n'zabwino, koma ife zikutikhudza pati? Kanyama kanafa kalekale, kaya ndi ubongo kaya ndi matumbo, mtengo wa chimanga susintha." Zoonadi susintha. Komatu taganizirani izi. Pa nkhani imene palibe amene angafe akalakwitsa, anthu aja atha zaka zoposa khumi akuyesa banga limodzi. Ife pa nkhani imene munthu angataye banja, ntchito, mbiri kapena moyo, timagamula m'mphindi ziwiri. Chithunzi chimodzi chafika pa WhatsApp, mwamuna ndi mkazi aima pafupi pa depoti, basi, chibwenzi. Mwana wadwala mwadzidzidzi, agogo a nyumba yoyandikana anadutsa pakhomo dzulo lake, basi, mfiti. Wina wakuwa kuti wakuba pamsika, mnyamata wina akuthamanga, basi, miyala ndi petulo. Nonse mukudziwa kuti sindikupeka, zoterezi zachitikapo m'dziko mwathu muno ndipo anthu afa nazo. Onsewa ndi mabanga a pamwala. Aliyense woponya mwala amalumbira kuti waona.

Bwanji titabwereka mafunso a anthu a miyala aja? Kodi chimene ndaonachi chabwerezedwa, kapena ndi banga limodzi limene ndalisankha pakati pa mazana chifukwa likugwirizana ndi zimene ndinkaganiza kale za munthuyu? Kodi pali chinthu china wamba chimene chingasiye chizindikiro chomwechi? Malungo amagwira mwana mwadzidzidzi, agogo adutse asadutse. Munthu amathamanga pamsika chifukwa cha mantha, ngakhale asanabe kanthu. Kodi ndingafotokoze njira yake, kuchokera pa chiyambi mpaka pa chotsatira, popanda kudumpha? Ndipo funso lowawa kuposa onse: kodi n'chiyani chimene nditachiona ndingavomere kuti maganizo angawa ndi olakwika? Ngati yankho ndi lakuti palibe, ndiye kuti maso anu sanagwire ntchito pa nkhaniyi. Mtima ndi umene wagamula, maso angosaina.

Pali chitsutso china champhamvu kuposa choyamba chija, ndipo sindikufuna kuchizemba. Moyo sudikira miyala 84. Mayi amene akuona zizindikiro zoti wina akuzunza mwana wake sangayembekeze zaka khumi za kafukufuku. Wodwala sangauze dokotala kuti adikire umboni wonse. Nthawi zambiri timayenera kuchitapo kanthu tili ndi banga limodzi lokha. Izi n'zoona, ndipo munthu amene amabisala kuseri kwa mawu akuti "tilibe umboni wokwanira" pamene mnzake akuvutika ndi wokayika waulesi uja, wangovala jekete la ulemu.

Yankho langa ndi lakuti kukula kwa chochita kulingane ndi kukula kwa umboni, ndipo pamene umboni uli wochepa tisankhe chochita chimene chingabwezedwe. Mayi uja amuchotse mwana pamalopo lero lomwe, akanene kwa oyenera kufufuza. Zimenezo zimateteza mwana ndipo zimasiya mpata woti choonadi chidziwike. Kutentha nyumba ya woganiziridwayo kumatseka mpata umenewo mpaka kalekale. Apa anthu a miyala ali ndi mwambo wina woyenera kuutengera. Mwala uliwonse umene afotokoza amaupatsa nambala n'kuusunga m'nyumba yosungiramo zakale, kuti wotsutsa adzathe kuutenga, kuuika pansi pa makina ake, n'kunena kuti "apa munalakwitsa". Hallucigenia inatembenuzidwa n'kuima bwino chifukwa miyala yake inalipobe. Munthu amene waphedwa ndi gulu sangaunikidwenso. Mbiri ya mtsikana imene yamwazidwa m'magulu makumi awiri simungaitolere n'kuibweza m'kabati.

Chinanso ndi chilankhulo. Chichewa chathu chili ndi masitepe okwanira bwino: ndaona ndi maso anga, zikuoneka ngati, ndikuganiza kuti, ndamva kuti, akuti. Vuto ndi lakuti nkhani ikamayenda imakwera masitepe amenewa yokha. Imachoka pakamwa pa woyamba ili "akuti", ikafika kwa wachisanu yasanduka "anthu aona". Palibe amene ananama bodza lathunthu, aliyense anangokweza sitepe imodzi. Kukhulupirika kwa tsiku ndi tsiku, kumene sikufuna digiri kapena makina, ndi kupereka nkhani kwa mnzako pa sitepe yomwe unailandirira. Ngati unalandira "akuti", pereka "akuti". Ndipo ngati "akuti" ameneyo angaononge munthu, dzifunse ngati n'koyenera kumupereka n'komwe.

Ife okonda zolembalemba nkhaniyi ikutikhudza mwapadera, chifukwa ntchito yathu ndi kuwerenga zizindikiro. Tikatenga ndakatulo ya mnzathu n'kunena kuti apa akunyoza wakutiwakuti, kapena apa akuulula za banja lake, timachita zomwe anachita woyang'ana banga uja. Nthawi zina timakhala talondola, ndipo kuwerenga kwathu kumatsegula chinthu chimene ena sanachione. Nthawi zina timakhala tajambula ngalande za ku Mars. Njira yosiyanitsira ndi yomwe ija: onetsa pamene waona, onetsa kuti zabwerezedwa m'ndime zina, vomera kuti mawu omwewo angathe kutanthauza china, ndipo mulole mnzako ayang'ane pa tsamba lomwelo. Wolemba nkhani naye, asanaike munthu weniweni m'nkhani yake ngati mfiti kapena wakuba, adzifunse kuti waima pa sitepe iti.

Tsono munthu anene liti kuti "ndaona"? Kwa ine, anene pamene wakonzeka kuloza malo enieniwo, kufotokoza njira yake, kutchula chimene chingamutsutse, ndi kusiya mwalawo uli wathunthu kuti wina adzauone. Ndipo anene kuti "sunaone" pamene nayenso wakonzeka kuchita zomwezo. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekhako kumafunika kwa onse awiri, woona ndi wokana, pakuti wothamangira kunena kuti nkhono ilibe maso nayenso sanadikire.

Ndikusiyirani ntchito yaing'ono sabata ino. Ganizirani munthu mmodzi amene mumamudziwa kuti ndi "wotere", kaya wakuba, kaya wachiwerewere, kaya wokhwima. Bwererani m'mbuyo mpaka pa tsiku limene munayamba kumuganizira choncho. Munaona chiyani kwenikweni, ndipo munachiona kangati? Ndani anakuuzani choti muyembekezere musanayang'ane? Mukapeza kuti umboni ulipo wokwanira, chabwino, khalani nawo maganizo anuwo. Mukapeza kuti linali banga limodzi, mundiuze kuti mwaganiza zotani nalo. Ndipo amene simukugwirizana nane, makamaka pa nkhani ija yoti moyo sudikira umboni, bwerani nazo mfundo zanu tikambirane.